Wi-Fi yasowa mutaikanso Windows? Yambani ndi driver

Achimwene, mwati mwaikanso Windows 10 pa laputopu yanu, zina zonse zikuyenda bwino koma chizindikiro cha Wi-Fi chasowa, pakona pangotsala kachithunzi ka dziko, ndipo palibe netiweki ngakhale imodzi ikuoneka. Musathamangire kuikanso Windows kachiwiri monga ena amalangizira, mungotaya nthawi. Ngati Wi-Fi inkagwira musanafufute, n'zokayikitsa kuti chida chafa. Chimene chasowa ndi driver, kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kugwiritsa ntchito chida. Windows imabwera ndi ma driver a zida zambiri koma osati zonse, ndiye kadi ya Wi-Fi, kachida kam'kati mwa laputopu kokoka netiweki, ikakhala yoti siikuidziwa, imangoisiya ili phee ngati mulibe.

Kuti mutsimikize, dinani batani la Windows pamodzi ndi X, musankhe Device Manager, kenako mutsegule Network adapters. Mukaona dzina lokhala ndi mawu akuti Wireless, Wi-Fi kapena 802.11, driver ilipo, vuto lili pena. Likapanda kuoneka, yang'anani pa Other devices. Mupezapo Network Controller ili ndi kachizindikiro kachikasu pambali. Imeneyo ndiyo kadi yanu.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Amalemba dzina la laputopu pa Google, n'kutsitsa driver yoyamba kuoneka, ikakana amati makina awonongeka. Koma laputopu ziwiri za mtundu umodzi, zofanana dzina ndi nambala yomwe, zimatha kukhala ndi makadi a makampani osiyana. Ndiye ifunseni kadiyo ikuuzeni yokha. Dinani kumanja pa Network Controller, mupite pa Properties, kenako Details, ndipo pa mndandanda wa Property musankhe Hardware Ids. Muona mzere woyamba ndi PCI\VEN_ kutsatana ndi zilembo zinayi. VEN_8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 168C ndi Qualcomm Atheros, 14E4 ndi Broadcom, 14C3 ndi MediaTek. Zilembo zinayi zotsatira DEV_ ndi zimene zimanena kuti ndi kadi iti yeniyeni. Mukadziwa zimenezi, pitani patsamba la kampani imene inapanga laputopu, mulembe nambala ya makina ili kunsi kwake, mutenge driver ya Wi-Fi ya kampani imene mwapezayo.

Mufunsa kuti nditsitsa bwanji poti intaneti yomweyo palibe. Lumikizani foni ku laputopu ndi waya wa USB, muyatse USB tethering mu settings ya foniyo kuti igawire laputopu intaneti yake. Mafoni ambiri a Android, Windows 10 imawalandira osafuna china chilichonse. Waya wake ukhale wonyamula data, chifukwa ena ndi otchajira basi. Ngati laputopu ili ndi polowetsa waya wa Ethernet ndipo rauta ili pafupi, ndiye zaphweka. Intaneti ikalowa, yambani ndi Windows Update, ndipo musaiwale kutsegula View optional updates, ma driver ena amabisala kumeneko. Dziwani kuti ma update amadya data kwambiri. Ngati yanu ndi yochepa, tsitsani driver yokhayo pa foni kapena pa kompyuta ina, muisamutse ndi flash.

Palinso njira ina yosafuna intaneti. Ngati poika Windows simunafufute disiki yonse, pa disiki C pamatsala foda ya Windows.old, yosunga mafayilo a Windows yakale. Mu Device Manager sankhani Update driver, kenako Browse my computer for drivers, muilozere ku C:\Windows.old\Windows\System32\DriverStore\FileRepository, pa Include subfolders pakhale pochonga. Driver yakale ija imakhala ikadali momwemo.

Mapulogalamu aja amati amakupezerani ma driver onse ndi kudina kamodzi, ine sindiwakhulupirira. Ena amaika driver yolakwika, ena amabwera ndi zotsatsa malonda zosatha.

Tsopano tinene kuti driver ilipo koma Wi-Fi sikuyakabe. Onani Airplane mode. Onaninso pa kiyibodi batani lokhala ndi kachithunzi ka ndege kapena ka mlongoti, lidineni lokha kapena pamodzi ndi Fn. Laputopu zakale zina zili ndi kaswitchi kam'mbali kamene kamatha kusuntha mchikwama. Zikakanika, dinani Windows ndi R, mulembe ncpa.cpl, muone ngati Wi-Fi ili Disabled. Lembaninso services.msc mufufuze WLAN AutoConfig, iyenera kukhala Running ndi Automatic. Ma Windows ena osinthidwasinthidwa amene anthu amatsitsa paliponse amabwera atazimitsa zinthu ngati zimenezi.

Mukayamba kuona ma netiweki a ena koma yanu yokha osaoneka, kawirikawiri ndiye kuti rauta kapena hotspot ya foni ili pa 5 GHz pomwe kadi yanu imangomva 2.4 GHz. Sinthani rauta kapena hotspot ikhale pa 2.4 GHz. Ikaoneka koma n'kumakana pasiwedi yolondola, pangani Forget muyesenso, ndipo ngati chitetezo cha rauta chili pa WPA3 yokha chibwezereni pa WPA2, makadi akale WPA3 saidziwa. Ikalumikizana koma masamba n'kumadandaula za chitetezo, onani tsiku ndi nthawi, zimasokonekera Windows ikangoikidwa kumene. Network reset, imene ili mu Settings pa Network & Internet, muigwiritse ntchito pomaliza chifukwa imafufuta mapasiwedi onse a Wi-Fi amene munasunga.

Ngati mu Device Manager mulibe kadi komanso mulibe chachikasu chilichonse, lowani mu BIOS, ma settings a makina amene amatsegulidwa laputopu ikangoyaka Windows isanayambe, muone ngati Wireless LAN sinazimitsidwe. Ikakhala yoyatsa koma osaonekabe, pamenepo m'pomwe tingakayikire kuti kadi yasuntha kapena yafa, ndipo kachida ka Wi-Fi kolowetsa pa USB kangakupulumutseni.

Jambulani mzere wa Hardware Ids uja muuike pansipa, mutiuzenso ngati Windows yanu ndi ya 64-bit kapena 32-bit, tikulozereni driver yake.