Alamu, za chitseko cha Vitz ndi khoma la galaja lija

Eya, mwaswera bwanji nonse pa gulupu pano. Alamu, uthenga wanu ndaumva, zithunzinso ndaziona. Ndati ndingolankhula chifukwa kulemba zonsezi pa foni kungandichedwetse. Mwati galaja ya nyumba mwalowa ku Luchenzayo ndi yothina, chitseko cha Vitz chikumamenya khoma mukamatsika, penti yayamba kusupuka m'mphepete, ndiye mukufunsa ngati mupite ku Limbe mukagule zomata zoteteza chitseko zija kapena pali njira ina. Musakwere minibasi chifukwa cha zimenezo ayi. Zofunika zonse zili pakhomo panu pomwepo, zotsalazo mukazipeza kwa anyamata okonza njinga pamsika.

Koma musanadule kanthu, musanakhome msomali ndi umodzi womwe, yambani mwapeza malo enieni pamene chitsekocho chimakhudza khoma. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya nthawi, amakhoma chinthu pamene akuganiza, chitseko n'kumamenyabe m'munsi kapena m'mwamba mwake. Chitseko cha galimoto si chowongoka ngati cha nyumba, chili ndi mimba, ndiye pali kansonga kamodzi kamene kamafika pakhoma poyamba. Lowetsani galimoto monga mumachitira masiku onse, wina agwire katoni pakhoma, inu mutsegule pang'onopang'ono mpaka chigunde katoniyo, mulembe ndi choko kapena khala. Muchite chimodzimodzi ndi chitseko chakumbuyo, chifukwa icho chimakhudza malo ena, kutalika kwakenso kumasiyana. Kenako mubwereze galimoto ili ndi anthu ndi katundu, popeza ikalemedwa imatsika pang'ono. Mukatero muona kuti chotchinga chanucho chikufunika chikhale chotambalala masentimita 20 kapena 30, osati kachingwe kowonda.

Chinanso ndi kaimikidwe. Vitz ndi yotambalala pafupifupi mita 1.7, ngati mmene zilili galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan. Galaja yanu ngati ili ya mamita 3, ndiye kuti pakutsala mita 1.3. Mukaimika pakati penipeni, mbali iliyonse ikupeza masentimita 65, ndipo pamenepo munthu wamkulu satsika bwino. Koma mukaisendezera kumanzere n'kusiya masentimita 40 okha, kumanja kumene kuli chiwongolero kukutsalirani 90. Mwamva kusiyanako? Ana ndi achemwali azitsikira panja galimoto isanalowe. Ana makamaka, chifukwa mwana satsegula chitseko, amachikankha ndi mphamvu zake zonse, ndipo chakumbuyocho n'chimene ndaona kuti chapwetekeka kwambiri pa chithunzi chachiwiri chija.

Tsopano chokhoma pakhomapo. Ine chimene ndimachikhulupirira ndi thabwa lokutidwa. Pezani thabwa la paini kapena la bulugama, lotalika mita imodzi ndi theka kuti likwanire zitseko zonse ziwiri. Wina akakuuzani kuti ali ndi kathabwa ka mkungudza kotchipa, mukane, mtengo umene uja watsala pang'ono kutheratu m'phiri la Mulanje muno ndipo kuudula n'koletsedwa. Thabwalo mulipake oilo wakuda kuseri kwake, mbali yoyang'ana kukhoma, chifukwa chiswe cha kuno sichichedwa. Kumaso kwake muike siponji ya matiresi akale, yochindikala ngati zala ziwiri kapena zitatu, kenako mukute ndi nsalu yolimba, kaya jinzi yakutha, kaya bulangete lakale. Nsaluyo muikokere kuseri kwa thabwa, mukhomere kuseri komweko. Mukatero kumaso kulibe chitsulo chilichonse.

Mfundo ya msomaliyi ndiibwereze, alamu, chifukwa ndi imene imawononga ntchito yonse. Mutu wa msomali ukatsala poonekera, ndiye kuti mwachotsa khoma n'kuikapo chinthu choopsa kuposa khomalo. Misomali yokhomera thabwa kukhoma ikhale ya konkire, ndipo ikhale kumapeto kwenikweni kwa thabwa, kumene chitseko sichifika. Muimenye mpaka mutu ulowe m'thabwamo. Mukatha yendetsani chikhatho pamwamba ponse, pakakukandani inu ndiye kuti pakandanso penti.

Siponji ili ndi vuto limodzi, imamwa madzi. Ngati denga la galajayo limadontha, kapena khoma limachita chinyezi nthawi ya dzinja, yambani mwaikuta ndi pulasitiki kenako nsalu pamwamba. Ena amakonda thumba la feteleza chifukwa ndi lolimba. Likhoza kugwira ntchito, koma mulichape kwambiri, feteleza amadya chitsulo, ndipo simungafune kuti azikhudza pamene penti yachoka kale.

Ngati matiresi palibe, pitani kwa okonza njinga mukapemphe matayala akutha. Tayala la njinga yakapalasa ndi losavuta, mumangodula waya wa m'mphepete uja mbali zonse ziwiri, limatambasuka bwinobwino, n'kukhoma atatu kapena anayi mondondozana pa thabwa. La njinga yamoto ya akabaza ndi lochindikala, limateteza bwino koma kudula kwake n'kovuta. La galimoto samalani nalo. Pakati pake, popondera msewu paja, pali mawaya achitsulo, mukadula amatuluka ngati minga, amabaya m'manja komanso amakanda galimoto. Ngati mulibe china, dulani cham'mbali chokha, chofewa chija. Lamba wakale wa chigayo nayenso ndi wabwino mukamupeza. Pokhoma labala, boolani zotsekera za mabotolo a Fanta muziike kumutu kwa msomali kuti labala asang'ambike, koma kumbukirani, kumapeto kokha. Labala wakuda amasiya kamzere pa galimoto yoyera ngati yanuyo. Si kukandika kumeneko, kamachoka ndi sopo, komabe ine ndingakonde mukutepo nsalu kuti musamavutike.

Kapeti yakale ambiri amaithamangira. Ndi yabwino tsiku loyamba, koma imasunga mchenga, ndipo mchenga umenewo umapala penti pang'onopang'ono nthawi iliyonse chitseko chikatsamira. Mukasankha kapeti muziikutumula kawirikawiri.

Pali nkhani ya eni nyumba. Popeza ndi ya lendi, afunseni kaye musanaboole khoma lawo, ena amadzakudulani ndalama potuluka chifukwa cha mabowo awiri okha. Akakana, musakangane nawo. Thabwa lomwelo likhomereni miyendo iwiri kuti liime palokha motsamira khoma, m'munsi mutsamiritse njerwa. Kapena mulipachike ndi zingwe ziwiri kuchokera ku mtanda wa denga, lilendewere pa mzere wa choko uja. Tsiku losamuka mudzangomasula n'kunyamula.

Zonsezi zigwira ntchito pokhapokha galimoto ikamaima malo amodzimodzi tsiku lililonse. Lero mwalowa kwambiri, mawa mwaimira kumbuyo, chitseko chiphonya thabwa. Ndiye ikani chipika kapena thabwa lochindikala pansi, pamene tayala lakutsogolo liyenera kuima, mulitsekereze ndi njerwa kumbuyo kwake kuti lisamasunthe. Tayala likangogunda, mwafika. Njira ina ndi kumangirira kampira pa chingwe kuchokera kudenga, kuti kazikhudza galasi lakutsogolo moyang'anana ndi chiwongolero. Kameneka kali ndi ubwino wina, kamakuuzaninso ngati mwasendera kwambiri kumanja kapena kumanzere. Usiku magetsi atazima, mukubwera mwatopa, mudzakathokoza. Lembaninso mzere wa laimu pansi motsatira tayala lakumanja.

Wina pa gulupu pano, ndikhulupirira ndi amalume, anatchula zong'amba paipi yothirira n'kuiveka m'mphepete mwa chitseko. Amalume, maganizowo ndi abwino pa kanthawi, makamaka mukaima pothina kumsika, koma isakhale pamenepo mpaka kalekale. Mkati mwa paipimo mumalowa madzi ndi fumbi, sizituluka, ndipo m'mphepetemo ndi mmene chitsulo chinapindidwa, dzimbiri likayamba mmenemo limayenda mkati osaoneka. Bola kuteteza khoma kusiyana ndi kuveka chitseko.

Ndimalize ndi pamene pasupuka kale, chifukwa pamenepo ndi pamene pakundidetsa nkhawa. Pa chithunzi choyamba ndikuona ngati chitsulo chayamba kuonekera. Kuno kwathu ku Mulanje ndi kwanu ku Thyolo mvula ndi yambiri, ndipo ngakhale dzinja litatha, June ndi July chiperoni chimanyowetsa chilichonse kwa masiku angapo osaleka. Chitsulo chosavala sichidikira. Tsukani pamenepo, paume bwinobwino padzuwa. Ngati payamba kufiira, palani pang'ono ndi sandipepa yosalala kwambiri, pokhapo pafiirapo, musafike pa penti yabwino. Kenako pakani kyuteksi yosakhala ndi mtundu ya achemwali, kawiri, kuti madzi asalowe. Imeneyo ndi yongogwirizira. Mukadzapita ku Limbe pa zifukwa zina, mukagule penti pang'ono yofanana. Nambala ya mtundu wa penti ili pa kachitsulo kapena kapepala ka Toyota, yang'anani pa mphuthu ya chitseko kapena mutsegule boneti, ndi manambala kapena zilembo, zitatu zokha. Muijambule pa foni mukawaonetse osakaniza penti, musangowauza kuti yoyera, zoyera zilipo zamitundumitundu ndipo zikasiyana zimaoneka patali. Popaka musagwiritse bulashi yaikulu, kamtengo ka machesi kakwana, kadontho kamodzi kamodzi.

Loweruka ndikhala ndikudutsa ku Luchenza popita ku Bvumbwe. Ndili ndi misomali ya konkire yotsala komanso sowo, ndibwera nazo. Inu pezani thabwa ndi siponji, ndipo munditumizire muyeso wa galajayo kuchokera khoma kufika khoma, ndi yankho la eni nyumba, kuti ndidziwe ngati tikukhoma kapena tikupachika. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.