Tifunseni: Kodi za maganizo a osewera zimaphunziridwa kuyunivesite?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi pa sekondale ina ku Santhe m'boma la Kasungu, komwe ndimaphunzitsanso atsikana ntchemberembaye. Ndili ndi mtsikana wina amene pokonzekera saphonya golo, koma tsiku la mpikisano anthu akadzaza m'mbali mwa bwalo, manja ake amanjenjemera mpaka mpira kumupulumuka. Digiri yanga ndi ya uphunzitsi. Kodi ndingachite digiri yachiwiri yoona za vuto lotereli?

YANKHO: Aphunzitsi, maphunzirowa alipo, ndipo si a dzana kapena dzulo. Pa Chingerezi amatchedwa sport and exercise psychology. Katswiri wina wa ku America, Coleman Griffith, anatsegula malo ofufuzira nkhaniyi pa University of Illinois mu 1925, ndipo bungwe la akatswiri ake a dziko lonse linakhazikitsidwa ku Rome mu 1965.

Musayembekezere kuti mukaphunzira mawu olimbikitsa amene makochi amakuwa pa nthawi yopuma. Mukaphunzira mmene mantha amasokonezera kupuma, minofu ndi maso a wosewera, mmene munthu amadzizolowezera kuona mpira ukulowa m'maganizo mwake asanauponye, komanso mmene wovulala amabwezeretsera chidaliro. Gawo lalikulu ndithu ndi kafukufuku ndi masamu ake, ndipo ambiri zimawadzidzimutsa.

Ku Britain, Loughborough University ili ndi digiri imeneyi ya chaka chimodzi, koma werengani zoyenereza mosamala musanataye ndalama, chifukwa maphunziro ambiri otere amafuna amene digiri yake yoyamba inali ya psychology. Kumeneko digiri yachiwiriyo payokha sipatsa munthu dzina la katswiri. Amayenera kugwiranso ntchito moyang'aniridwa asanalembetsedwe ku bungwe la HCPC, limene limalembetsa akatswiri a zaumoyo m'dzikolo. Pa za fizi, thandizo la maphunziro la boma la Britain lotchedwa Chevening limafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka zosachepera 2, ndiponso kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka 2.

Ife tikuona kuti choko musachitaye msanga, pakuti matimu athu, amene ena amavutika ngakhale kugula jezi, sangathamangire kulemba munthu wa ntchito imeneyi. Yambani ndi mtsikanayo: gulani kope, ndipo pa masewero aliwonse muzilemba mipira imene waponya, imene yalowa, ndi zimene wanena kuti amamva mumtima. Muphunzitseni kupuma mozama kawiri asanaponye, tsiku lililonse mofanana. Kopelo mudzatengamo zolemba m'kalata yanu yopempha malo, osatchula dzina la mwanayo.