Vidiyo ikumaimaima pa webusaiti: yesani izi

Achimwene, mwati vidiyo yanu ya mphindi zitatu ndi ya 600 MB ndipo ikumangoima pakati anthu akamaonera. Vuto ndi kulemera kwa fayiloyo. Intaneti ya woonerayo ikulephera kuikoka mwachangu.

Tsitsani HandBrake, pulogalamu yopeputsira mafayilo a vidiyo, ndi yaulere. Lowetsani vidiyoyo, sankhani MP4, ndipo codec (njira yofinyira vidiyo) ikhale H.264, chifukwa pafupifupi browser iliyonse imaiwerenga. Kenako muona nambala yotchedwa RF. Ikakwera, fayilo imapepuka koma chithunzi chimayamba kuwonongeka. Ikatsika, chithunzi chimakongola koma fayilo imalemera. Ine ndimayambira pa 23, n'kuonera kagawo kochepa, makamaka pamene pali mdima kapena zinthu zikuyenda mothamanga, poti timabokosi toipa tija timayambira kuonekera pamenepo. Zikaoneka bwino, ndimayesanso 25.

Chimene ambiri amaiwala ndi kabokosi kolembedwa Web Optimized. Kachongeni ndithu. Kamasamutsira kumayambiriro kwa fayilo mbali imene imauza browser mmene vidiyoyo yasanjidwira, ndiye imatha kuyamba kuonetsa isanatsitsidwe yonse. Mukapanda kutero, munthu atha kukhala akuyang'ana kanthu kozungulira kaja mpaka atatopa n'kuchoka. Ngati mumagwiritsa ntchito ffmpeg, pulogalamu ina yofinyira vidiyo, lembani -movflags +faststart.

Vidiyo yooneka pakamalo kakang'ono pa tsamba, chithunzi cha saizi ya 720p chimakwana. 4K, saizi yaikulu kwambiri, n'kungodzisenzetsa katundu. Pa mawu, codec ikhale AAC, pa mlingo wa 128 kbps.

Fayilo yoyambayo musaifufute. Mukafuna kusintha china, bwererani kwa iyoyo, chifukwa kufinya vidiyo yofinyidwa kale kumawonjezera kuiwononga.