Kodi wodya zosaphika afunikadi zipangizo zodula za m'khitchini?

Mayi wina wanditumizira imelo yonena kuti aganiza zoyamba kudya zakudya zosaphika zokhazokha, ndipo auzidwa kuti sangapite patali popanda blenda yamphamvu, makina ofinyira madzi a zipatso ndi makina oumitsira zakudya. Akufuna kudziwa ngati n'kwanzeru kuwonongerapo ndalama zambiri chonchi. Yankho langa, mayi, ndi lakuti pa zipangizo zitatuzi blenda yokha ndi imene ingagwire ntchito yolingana ndi mtengo wake, komabe ngakhale imeneyo musathamangire kuigula mwezi woyamba.

Anthu odya zosaphika satenthetsa chakudya kupitirira madigiri 48, ndipo ena amalekeza pa madigiri otsikirapo. Moto umafewetsa masamba, mbewu ndi mizu, choncho mukausiya ntchito yofewetsayo imagwera mano anu kapena makina. Apa ndi pamene blenda imaonetsa phindu lake. Mablenda otsika mtengo nthawi zambiri amakhala ndi mota ya mawati 300 mpaka 600, pamene amphamvu, monga a Vitamix ndi Blendtec, amaposa mawati 1,000. Mukangopera nthochi kapena zipatso zina zofewa, kusiyanaku simungakuone n'komwe. Kumaonekera mukaika masamba olimba, karoti waiwisi kapena mtedza: blenda yaing'ono imasiya timaulusi tokanirira m'mano, mpeni wake umangozungulira pansi zinthu zili phee pamwamba, ndipo mukaikakamiza imayamba kununkha ngati waya wopserera. Munthu amene amapera zotere kawiri kapena katatu pa tsiku angathe kupha mablenda otchipa angapo pa zaka zimene yamphamvu imodzi ikanamutumikira, ndipo n'chifukwa chake ndikuti mtengo wake uli ndi maziko.

Pali chinthu china chimene ogulitsa sakonda kuchitchula kwa odya zosaphika. Mpeni wa blenda yamphamvu umathamanga kwambiri moti umatenthetsa zimene ukupera, ndipo mukaisiya ikulira kwa mphindi 5 kapena 6 msuzi umatuluka nthunzi, kutanthauza kuti mwadutsa kale malire a madigiri 48 aja. Muyenera kupera kwa kanthawi kochepa. Dziwaninso kuti mtedza ukagona m'madzi usiku wonse umafewa, moti ngakhale blenda yapakatikati imaupera bwino ndithu.

Makina ofinyira madzi a zipatso ndimawakayikira. Alipo a mitundu iwiri, othamanga kwambiri ndi ofinya pang'onopang'ono, ndipo achiwiriwa ndi amene ali okwera mtengo komanso amatha kufinya masamba. Onsewa amataya zotsalira za zipatso, zomwe ndi zimene zimathandiza kuti munthu asadzimbidwe ndiponso kuti shuga asalowe m'magazi mofulumira. Mumakhala mutagula zipatso zambiri n'kumwa kapu imodzi, pakangopita kanthawi njala n'kubwerera. Kenako pamabwera ntchito yomasula makinawo ndi kutsuka kasefa kake ndi kaburashi, ntchito imene yachititsa anthu ambiri kuwakankhira kuseri kwa kabati. Ngati mwalakalaka madzi oyera a zipatso, perani mu blenda n'kusefa pa kansalu koyera.

Makina oumitsira zakudya ndi a munthu amene wakhazikika kale pa kadyedweka ndipo wayamba kusowa zinthu zokukuta. Amayaka kwa maola ambiri, nthawi zina usiku ndi usana, amatenga malo, ndipo pa kutentha kochepa chonchi tizilombo toyambitsa matenda sitifa, chifukwa timaswana bwino pakati pa madigiri 5 ndi 60. Amafuna ukhondo ndi kudula zinthu mopyapyala kuti ziume msanga. Amenewa adikire.

Mwina chimene chikukukokani n'zimene mwamva zoti makina odula amasunga ma enzyme a m'zomera. Ma enzyme ndi mapuloteni, ndipo ambiri akafika m'mimba amaphwanyidwa monga mapuloteni ena onse, pamene thupi limapanga akeake ogayira chakudya. N'zoona kuti moto umachepetsa vitamini C, koma n'zoonanso kuti thupi limatenga mosavuta michere ina monga lycopene wa mu tomato ndi beta-carotene wa mu karoti zikaphikidwa. Chachikulu n'chakuti palibe makina amene angaike m'chakudya zimene mulibe. Vitamini B12 sadalirika m'zomera, ndipo ngati simudzadya za nyama mudzafunika mapiritsi ake, apo ayi magazi ndi mitsempha zidzavutika. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Giessen ku Germany, amene anafalitsidwa mu 1999, anapeza kuti anthu odya zosaphika kwa nthawi yaitali anatsika thupi kwambiri, ndipo pafupifupi amayi atatu mwa khumi alionse osakwana zaka 45 anasiya kusamba mwezi ndi mwezi kapena ankadumphadumpha. Zina sizidyedwa zaziwisi ngakhale mutazipera motani: nyemba zofiira zili ndi poizoni amene amatha zikawira kwambiri kwa mphindi zosachepera 10. Mphukira za mbewu, zimene odya zosaphika amazikonda, ndi zimene zinafalitsa tizilombo toyambitsa matenda ta E. coli ku Germany mu 2011, mliri umene unapha anthu oposa 50. Ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa kapena muli ndi matenda a shuga, yambani mwaonana ndi dokotala musanasinthe kadyedwe.

Choncho ndalama zoyamba zipite ku mpeni wakuthwa, thabwa lodulirapo, mbale zonyikira mtedza ndi malo okwanira m'firiji, pakuti zakudya zaziwisi sizichedwa kuwonongeka ndipo mudzazigula zochuluka kuposa kale. Gwiritsani ntchito blenda imene muli nayo, kapena yotsika mtengo, kwa miyezi itatu. Ambiri amene amayamba kadyedweka sakhalitsapo, ndipo ena amadzasankha kusakaniza zophika ndi zosaphika, chomwe ine ndimaona kuti n'chabwino koposa. Ngati miyeziyo itatha mukuperabe tsiku ndi tsiku ndipo blenda yanu ikulephera, gulani yamphamvu. Posankha, funsani kuti wopanga akulonjeza kuikonza kapena kuisintha kwa zaka zingati, ngati jagi ndi mpeni wake zimagulitsidwa pazokha zikawonongeka, ndiponso ngati ili ndi kamtengo kokankhira zinthu ku mpeni pamene ikupera. Mabatani ambirimbiri ndi zounikira zokongola musazilipirire, chifukwa batani loyatsira ndi lowonjezera liwiro ndi okwanira.