Musasaine ngongoleyo musanadziwe amene ali pa netiweki yanu

Funso: Ndili ndi ofesi yaing'ono ya inshuwalansi. Tili ndi makompyuta 12 ndi mafoni 8 a patebulo oyendera intaneti. Masana mawu amadukaduka mpaka makasitomala amakwiya. Mwana wa mlongo wanga, amene anatilumikizira zonse, akuti tigule switch yatsopano (bokosi limene zingwe zonse za netiweki zimakumanamo) ndi kukweza liwiro la intaneti kuchoka pa 20 Mbps. Obwereketsa ndalama avomera kale kundipatsa ngongole. Nditenge?

Bambo, kalata ngati yanuyi siindichoka m'manja, ndipo zonse zimathera pa mawu omwewo akuti ngongole. Musatenge. Munayenera kundifunsa kuti pa netiweki yanu pali ndani, ndipo makiyi ake ali ndi yani.

Tiwerengetse kaye. Foni ikamatumiza mawu mwa njira yofala ya G.711 imadya 64 kbps, ndipo ndi zokutira za mapaketi (tizidutswa timene mawuwo amatumizidwiramo) imafika cha m'ma 90 kbps mbali iliyonse. Mafoni 8 onse atalira nthawi imodzi ndi 720 kbps basi, osakwana 1 Mbps (ndiye 1000 kbps). Inu muli ndi 20. Ngakhale liwiro lanu lotumizira litakhala locheperapo, mafoniwo akwanabe. Chikuvutitsa n'chakuti mawu a kasitomala akufola pamzere umodzi ndi mafayilo a backup (makope osungira), zosintha za Windows ndi makanema a YouTube a mlendo amene wakhala pabenchi. Imelo ikachedwa sekondi imodzi palibe amadziwa. Mawu akachedwa kupyola mamilisekondi 150, malire amene bungwe la ITU, loona za mafoni padziko lonse, limalangiza mu chikalata chake cha G.114, anthu amayamba kudulana pakamwa. Mukakweza intaneti osakonza mzerewo, mudzangolipira zambiri mwezi ndi mwezi, makanemawo n'kumeza zonse.

Mankhwala ake ndi kugawa netiweki m'zipinda, zimene akatswiri amati VLAN. Zingwe ndi zomwezo, switch ndi imodzi, koma okhala chipinda china saona a chipinda china. Njirayi, ya 802.1Q, ilipo kuyambira 1998 ndipo imalola zipinda 4094. Inu zinayi zakukwanirani. Mafoni paokha, makompyuta a antchito paokha, kompyuta ya maakaunti pamodzi ndi makina olipirira pa khadi paokha, ndipo Wi-Fi ya alendo ikhale kutali, yongotuluka kupita pa intaneti. Chipinda chilichonse chikhale ndi manambala akeake, tinene 192.168.10 a mafoni ndi 192.168.20 a makompyuta, ndipo chilichonse chimanyamula zipangizo 254, zoposa zimene mudzagule moyo wanu wonse.

Koma kugawa kokha sikupatsa mawu mpata wodutsa. Pa rauta, bokosi lolumikiza ofesi ku intaneti, mutsegule QoS, njira yosankha zoyenera kudutsa poyamba, kuti mapaketi a mawu, amene amaikidwa chizindikiro cha DSCP 46, azilowa patsogolo. Ndipo pakati pa zipindazo muikepo malamulo a firewall, mlonda wosankha zololedwa kudutsa, apo ayi mwamanga makoma n'kusiya zitseko zili pululu. Ngati makompyuta ena alumikizidwa kudzera pa doko (polowetsera chingwe) lachiwiri la kumbuyo kwa foni, palibe vuto, switch yabwino imasiyanitsa ziwirizo pa chingwe chimodzi.

Apa mnyamatayo mwina akunena zoona. Switch yongolowetsa zingwe, yopanda poisinthira, singagwire ntchitoyi. Mufunika yotheka kuilamulira, ndipo ngati mafoni amatenga magetsi pa chingwe cha netiweki, muone mphamvu yake yoperekera magetsiwo, imene amati PoE. Doko limodzi la PoE ya mtundu wa 802.3af limapereka mpaka mawati 15.4, ndiye mafoni 8 atakoka mokwana ndi pafupifupi mawati 125. Ndi bokosi limodzi limenelo. Patulani pang'ono pa phindu kwa miyezi iwiri kapena itatu, mugule ndi ndalama yanu. Obwereketsa amamwetulira tsiku losaina lokha, ndipo chiwongoladzanja sichifunsa ngati mafoni ayamba kumveka bwino.

Tsopano tifike pamene pakundiwawa. Mwanditchulira makompyuta ndi mafoni, koma maprinta, makamera ndi mafoni a m'manja a antchito simunawawerenge. Ndikutsimikiza kuti pasiwedi ya Wi-Fi ikudziwika ndi alamu, azisuweni ndi wantchito amene anachoka chaka chatha, ndipo pasiwedi yolowera mu rauta ili m'mutu mwa mwana wa mlongo wanu yekha. Akadzapeza ntchito kwina, kapena mukadzasemphana pa nkhani za pabanja, ofesi yanu idzatsala ngati nyumba yotaya kiyi. Simungamusiyire munthu buku la ku banki osasunga kope, bwanji netiweki imene mumadutsa manambala a makasitomala?

Si nkhani yongoopseza. Mu 2013 akuba analowa mu makompyuta a masitolo a Target ku America pogwiritsa ntchito pasiwedi ya kampani yokonza makina oziziritsa, ndipo anafika mpaka pa makina olipirira n'kuba manambala a makadi okwana 40 miliyoni. Maofesi aang'ono amabedwa mwa njira ina. Akuba amafufuza doko la 5060, khomo la pa intaneti limene mafoni otere amagwiritsa ntchito, losiyidwa lotsegula, amayesa mapasiwedi ofooka, n'kuimba mafoni akunja usiku wonse pa dzina lanu. Bilu ndi imene imadzakuuzani.

Ndiye sabata ino gulani kope lolembamo. Muzungulire ofesi yonse ndi mnyamatayo, mulembe chipangizo chilichonse, doko limene chalowa, chipinda chimene chidzakhale ndi nambala yake. Zingwe muzimate mapepala mbali zonse ziwiri. Mapasiwedi onse asinthidwe, a rauta ndi switch mutsekere m'kabati mwanu. Mwana wa mlongo wanuyo mumulipire ngati mmisiri wina aliyense, akupatseni lisiti ndi chojambula cha mmene wagawira, chifukwa ntchito ya ulere ya wachibale ndi imene simungaidandaule ikalakwika. Mukatha mundilemberenso, mundiuze kuti mwapeza zipangizo zingati. Ine ndikuti zipitirira 30.