Ndikadina fayilo ya Excel sikutseguka, kodi zonse zapita?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amasunga mabuku a banki m'khonde. Akuti akadina kawiri fayilo ya ngongole za mamembala mu File Explorer (pulogalamu ya Windows yoonetsa mafoda ndi mafayilo), Excel imayaka ndithu, koma pamangooneka chinsalu chotuwa, chopanda mizere ngakhale nambala imodzi. Mnyamata wokonza makompyuta wawauza kuti Windows iikidwenso. Funso lawo ndi lakuti kodi zonse analembazo zatayika?

Mayi, mtima m'malo, ndipo kompyutayo musaipereke kaye. Yambani mwatsegula Excel payokha, mupite pa File, kenako Open, muisake fayiloyo kuchokera mmenemo. Ikatseguka, dziwani kuti mabuku anu ali bwinobwino. Chimene chasokonekera ndi uthenga umene Windows imatumiza kwa Excel mukadina fayilo, woti "tsegula iyi". Uthengawo ukuthera panjira.

Chinsalu chotuwa mwanenacho ndachiona kambirimbiri, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi kabokosi kamodzi kobisika. Mu Excel pitani pa File, Options, Advanced, mutsike pansi mpaka pamene palembedwa General. Pamenepo pali mawu akuti "Ignore other applications that use Dynamic Data Exchange". Kabokosi kake kakachongedwa, Excel imagontha m'khutu, simvanso mapulogalamu ena akamaiitana, File Explorer yomwe. Chotsani chochongacho, dinani OK, tsekani Excel, muyesenso. Zimandiwawa kuti anthu amalipira ndalama zambiri, ena kutaya ndi zithunzi za ana awo pofufuta kompyuta yonse, pa ntchito ya mphindi ziwiri.

Zikakanika, mwina Windows yaiwala pulogalamu yotsegulira mafayilo amenewa. Izi zimachitika munthu akaika pulogalamu ina yotsegula mafayilo a Excel, monga WPS Office kapena LibreOffice, kenako n'kuichotsa. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Open with, Choose another app, muloze Excel, ndipo muvomere kuti izitero nthawi zonse. Kumbukirani kuti mafayilo akale othera ndi .xls ndi aja a .xlsx, amene anayamba ndi Office 2007, Windows imawatenga ngati mitundu iwiri, choncho muchite zimenezi pa mtundu uliwonse.

Fayilo yobwera pa imelo kapena yotsitsidwa pa intaneti nthawi zina Windows imaikayikira. Mukaidina ndi batani lakumanja n'kusankha Properties, pansi penipeni mupeza Unblock. Muchonge pokhapokha ngati wakutumiziraniyo mukumudziwa.

Palinso china chimene anthu sachiganizira. Pa ofesi ina ndinapeza fayilo ili mu foda, fodayo mu ina, mpaka zisanu ndi ziwiri, iliyonse ndi dzina lalitali ngati chiganizo. Excel yakale imakana njira ya fayilo, kutanthauza mayina a mafoda onse pamodzi ndi dzina la fayiloyo, ikapitirira zilembo 218. Titaikopera pa Desktop n'kufupikitsa dzina, inatseguka pomwepo.

Koma ngati fayiloyo ili pa fulashi ndipo pakona ya kachithunzi kake pali kamuvi, musaidinenso. Imeneyo ingakhale vairasi ija imabisa mafayilo enieni n'kusiya ma shortcut. Fulashiyo iyambe yapimidwa ndi antivirus.

Zonsezi zikalephera, pitani pa Control Panel, Programs and Features, musankhe Office, Change, kenako Quick Repair. Imeneyi sifuna bandulo, kusiyana ndi Online Repair. Musanayambe, koperani fayilo ya gulu lanuyo pamalo ena, kapena mudzitumizire nokha pa imelo.