Mafunso a Owerenga: Kukwera Mapiri a ku Cape Town

FUNSO: A Mkonzi, mu Disembala muno ndikupita ku Cape Town kukacheza kwa achimwene anga amene amagwira ntchito kumeneko. Phiri la Mulanje ndinalikwerapo kawiri, ulendo wina mpaka pa Sapitwa, choncho nditamva kuti Table Mountain ndi lalitali mamita ongopitirira 1,000 pang'ono, ndinaganiza zokalikwera ndekha tsiku lina achimwenewo ali kuntchito, kenako n'kutsika pa cable car (ngolo yoyenda pa zingwe m'mwamba) madzulo. Alamu anga akuti ndisayerekeze. Kodi akungondiopseza, kapena pali chimene sindikuchidziwa? Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Bambo, alamu anuwo muwamvere pa mfundo ziwiri, yopita nokha ndi yodalira cable car potsika, koma ulendowo musausiye.

N'zoona kuti Sapitwa ndi wa mamita 3,002 pamene nsonga ya Table Mountain ndi ya mamita 1,086, koma takumbukirani mmene munayendera ku Mulanje. Munali ndi wokutsogolerani wodziwa njira, mwinanso wokunyamulirani katundu, munagona m'kanyumba ka paphiri momwe mlonda anakusonkherani moto, ndipo phirilo munalipatsa ulemu chifukwa dzina lake lokha ndi chenjezo. Table Mountain imapusitsa alendo chifukwa ili m'kati mwa mzinda. Munthu akamakwera amaona misewu, nyumba zosanja ndi sitima zapadoko pansi pake, ndiye amaganiza kuti chikavuta angotsetsereka n'kukakwera basi, osadziwa kuti pakati pa iye ndi msewuwo pali maphompho.

Njira imene ndingakusankhireni ndi ya Platteklip Gorge, yoyambira mumsewu wa Tafelberg, chifukwa ndi yosasokoneza ndipo simusowa anthu. Akuti ndi momwe anadzera António de Saldanha, Mpwitikizi amene mbiri yolembedwa imati anakwera phirili mu 1503, ngakhale kuti eni dziko, Akhoi, anali akulidziwa kalekale. Mtunda wake sukwana makilomita atatu, komabe pa kamtunda kameneka mumakwera mamita pafupifupi 700 pa masitepe amiyala, ena ofika m'bondo, okhotakhota mpaka mutalowa mumpata wopanikizika wa matanthwe kumtunda. Munthu wamphamvu amatenga maola awiri, ambiri amatenga atatu. Njirayi inayang'ana kumpoto, kotero mu Disembala dzuwa limaiwomba kwambiri ndipo mthunzi ndi wosowa. Muziyamba 6 koloko m'mawa mutanyamula madzi osachepera malita awiri, chipewa, nsapato zosaterera ndi kamba monga nthochi ndi mtedza. Njira ya India Venster, imene imadutsa kunsi kwa zingwe za cable car, musailowe ngakhale ioneke yachidule, pakuti ili ndi malo okwera chokwawa m'mbali mwa phompho ndipo imafuna munthu amene anaiyendapo.

Tsono nkhani yaikulu ndi ya mphepo. Nyengo ya ku Cape Town ndi yotembenuka poyerekeza ndi yathu: mvula yawo imagwa kwambiri kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo Disembala, pamene ife tili pa dzinja, kwawoko ndi chilimwe chouma cha mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa, imene iwo amaitcha Cape Doctor. Mphepoyi imatenga chinyontho panyanja, ikagunda phiri imakwera n'kuzizira, ndipo chinyonthocho chimasanduka mtambo woyala pamwamba ngati nsalu ya patebulo. Mukakhala m'tauni mtambowu ndi wokongola, koma mukakhala m'kati mwake ndi chiperoni chenicheni. Ine unandipezapo pamwamba pa Platteklip nditavala malaya okhaokha onyowa ndi thukuta. Pasanathe nthawi yomwera kapu ya tiyi, mnzanga amene anali patsogolo panga masitepe khumi anangotsala mawu okha, timadontho tamadzi tinadzaza pa nsidze, zala zinauma moti ndinalephera kutsegula zipi ya chikwama, pamene pansi anthu anali kusambira m'nyanja. Kuyambira tsiku limenelo juzi ndi jekete lotchinga mphepo sizichoka m'chikwama changa, kaya kuche bwino chotani.

Mphepo yomweyi ndi imene imaimitsa cable car. Ngoloyi inayamba kuyenda mu 1929, ndipo zimene zilipo tsopano, zonyamula anthu 65 komanso zozungulira pansi pake kuti aliyense aone mbali zonse, zinaikidwa mu 1997. Mphepo ikakula eni ake amatseka, nthawi zina tsiku lili pakati, ndipo amene anakwera wapansi akuyembekeza kutsika atakhala pansi amapezeka kuti ayenera kubwerera pa masitepe omwe aja miyendo ili njenjenje. Kutsika kumapweteka maondo kuposa kukwera, ndipo munthu wotopa ndi amene amaponda mwala molakwika. Choncho muyang'ane pa intaneti m'mawa womwewo ngati cable car ikuyenda, komabe musunge mphamvu, madzi ndi maola atatu a dzuwa ngati kuti palibe. Tochi muitengenso, ngakhale kuti m'mwezi umenewu dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku.

Za kupita nokha, bungwe la SANParks, limene limayang'anira phirili, limalangiza kuyenda anthu anayi kapena kuposerapo. Chifukwa china n'chakuti wina akabinya phazi pamafunika wotsala naye ndi okaitana thandizo. China n'chakuti m'njira zina, makamaka zakunsi ndi zopanda anthu, mumachitika zauchifwamba, ndipo mlendo amene ali yekha atanyamula foni m'manja ndi amene amamufuna. Dikirani Loweruka kuti mupite ndi achimwenewo ndi anzawo, kapena lipirani wotsogolera wovomerezeka monga munachitira ku Likhubula. Muuze alamu anu njira imene mwadzera ndi nthawi yobwerera. Zikavuta imbani 112 pafoni yam'manja, ndipo opulumutsa anthu m'mapiri a Wilderness Search and Rescue, amene ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka, adzadziwitsidwa. Fodya ndi moto musayerekeze, chifukwa tchire lakumeneko, lotchedwa fynbos, limayaka ngati udzu wa mu Okutobala. Moto wa mu Epulo 2021 unatsika phiri mpaka kukatentha mbali ya laibulale ya yunivesite ya Cape Town.

Mukafika pamwamba kuli kowala ndipo miyendo ikulola, khoterani kumanzere muyende mphindi pafupifupi 45 kukafika pa mulu wa miyala wa Maclear's Beacon, pomwe ndi pansonga penipeni. Dzinali si lachilendo kwa inu: ndi Thomas Maclear yemwe uja, katswiri wa zakuthambo, amene mnzake David Livingstone anatcha dzina lake Cape Maclear ya ku Mangochi. Kukakhala nkhungu, mbali imeneyo muisiye, mulunjike kumanja kumene kuli siteshoni ya cable car ndi mbira zowothera dzuwa pamiyala, zimene n'zoletsedwa kuzidyetsa.

FUNSO: Ndimakhala ku Cape Town konkuno ndipo ana anga, wa zaka 7 ndi wa zaka 10, akundivutitsa kuti tikakwere Lion's Head usiku wa mwezi wathunthu monga amachitira anzawo. Kodi ndivomere? Mayi wa ku Wynberg.

YANKHO: Mayi, phirilo avomereni koma usikuwo akanizeni. Lion's Head ndi ya mamita 669, ndipo njira yake imazungulira phiri bwinobwino mpaka chakumtunda, kumene kuli makwerero, matcheni ndi zitsulo zokhomedwa m'thanthwe. Ilipo njira yolambalala matcheniwo, yotalikirapo pang'ono, ndipo ndi imene muyenera kudzera ndi ana. Usiku wa mwezi anthu amachuluka moti amaima pamzere pamalo opapatiza, ena atalawako chakumwa, ndipo onse amatsika mumdima nthawi imodzi, zimene si zoyenera mwana wa zaka 7. Pitani m'mawa wa tsiku lopanda mphepo, muwerengere maola atatu kapena anayi kupita ndi kubwera, wamng'onoyo aziyenda pakati pa akuluakulu awiri. Ngati chimene akufuna ndi kuona mwezi ukutuluka ndi magetsi a mzinda, Signal Hill ili pafupi pomwepo ndipo galimoto imafika pamwamba, bola mukhale pamene pali anthu ambiri ndipo anawo muwavekeretu majuzi.